Chilengezo: Maphunziro Osunga Mbewu ya Tomato wa Makolo

Alimi a gulu lathu la dimba,

Loweruka likubwerali, 8 koloko m'mawa, tidzakumana pa dimba la gulu, pafupi ndi msika wa Bvumbwe, kuti tiphunzire kusunga mbewu ya tomato wa makolo, popeza njere za haibulidi zikabzalidwanso sizibereka ngati kholo lake.

Aliyense abweretse tomato 5 wakupsa bwino wothyoledwa pa mtengo wopanda matenda, botolo loyera, sefa ndi K1,000 ya chakudya. Njere tidzazifinyira m'botolo ndi madzi ake, zikhale masiku 3 kuti zoterera zichoke, kenako zitsukidwe ndi kuyanikidwa pamthunzi.

Tidzasiyanitsanso tomato wokula mosalekeza, wofunika kumangirira ku mitengo ndi kuchotsa mphukira, ndi wamfupi wopsa nthawi imodzi, chifukwa chaka chatha ambirife tinasakaniza mitunduyi mumzere umodzi.

Yankhani pofika Lachinayi kutsimikiza kuti mudzabwera.