Nguluwe zatithera chinangwa

A Mkonzi,

Ine ndimakhala ku Nkhotakota kufupi ndi nkhalango ya zinyama, nguluwe zikutisowetsa tulo kuno. Chinangwa chomwe timadalira pa kondowole zafukula usiku umodzi basi, m'mawa ndinangopeza maenje ndi mitengo ili gonegone, mtima unandiwawa zedi.

Anyamata akumazisaka usiku ndi agalu, mikondo ndi matochi koma abale nguluwe ikavulala imabwerera munthu, galu wanga inamung'amba pamimba ine ndikuona. Ena ayamba kutchera mawaya, zimenezo nde ayi, waya sasankha, amadula ngakhale chitamba cha njovu zija anabweretsa kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017.

Akuluakulu oona zanyama chonde bwerani tikhale pansi mvula isanagwe, mutiuze minda tizilondera bwanji osamangidwa.

Mlimi wodandaula,
Nkhotakota