Kalata kwa akhristu onse: za mwayi, nthawi ndi kandege

Okondedwa mwa Ambuye, abale ndi alongo a mumpingo wathu muno mu Ndirande, chisomo ndi mtendere zikhale nanu.

Lolemba lapitali mayi wina wa mumpingo muno anafika kwathu kusanache bwinobwino. Amayi busa anawaikira tiyi, koma anangozizira pa tebulo. Mwana wawo, mnyamata wa zaka 24 amene ndinamubatiza ndi manja angawa, wapinyolitsa njinga yamoto ya kabaza imene mayi ake anamugulira ndi ngongole ya banki m'khonde. Ndalama yonse yathera pa foni, pa kandege, masewera obetcha aja. Nditamuitana, sanakane. Anangozyolika n'kunena kuti, "Abusa, tsiku langa linali lisanakwane basi." Mawu amenewo andisowetsa tulo, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndiyambe ndi kuvomereza zimene ife akuluakulu sitikonda kuvomereza. "Omwe athamanga msanga sapambana m'liwiro, ngakhale olimba sapambana m'nkhondo... koma yense angoona zomgwera m'nthawi mwake" (Mlaliki 9:11). Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mnyamata amene anali atapikula malata ndi simenti ku Limbe sabata yapitayo anadzuka ali ndi phindu limene sanalikhetsere thukuta. Mtsikana amene ankasunga pang'onopang'ono kuti agule makina osokera anapeza kuti ndalama yake sikukwananso. Kodi woyambayo anali wanzeru kuposa mnzakeyo? Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi maokala ku Chilobwe, ndipo matope aja sanafunse kuti wakhama ndani, waulesi ndani. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Ndiye inu makolo amene munalowa ntchito nthawi imene satifiketi ya MSCE inkatsegula chitseko, lekani kuwatcha alesi ana amene ali ndi digiri ya ku yunivesite ya MUBAS koma atha nsapato poyenda ndi maenvulopu kuchokera ku Ginnery Corner mpaka m'tauni. Ineyo ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa kalaliki wina anadwala tsiku limene ndinapita kukafunsa. Sindinaposa aliyense. Ndinangopezekapo.

Koma ana anga, apa ndipo ndikufuna mundimve bwino. Kuti nthawi ndi mwayi zilipo sizikutanthauza kuti mwayi umagulitsidwa. Amene akukuuzani kuti ikani K500 mudye K50,000 akudziwa masamu ake, ndipo masamuwo sali kumbali yanu. Akanakhala kuti amaluza, bwenzi atatseka kalekale, osati kutsegula mashopu pa siteji iliyonse. Mmodzi akawina, Ndirande yense amamva. Mazana amene aluza amangolowa m'nyumba mwakachetechete, n'kuuza mkazi kuti bwana sanalipire.

Musaganize kuti sindiona. Ndikaima pa guwa ndimaona mitu yowerama kumabenchi akumbuyo, ndipo si pemphero. Ena mumabwera kuti ndikupempherereni "zitseko zitseguke," tikiti ya mpira ili m'thumba la shati. Wina anafika pondifunsa ngati angapereke chakhumi cha ndalama yobetcha. Ayi! Mulungu si sing'anga wa mwayi, ndipo mbusa wanu sadalitsa matikiti. Kubetcha kukudyerani mpamba wa geni, kukudyerani fizi ya ana, kwakuphunzitsani kunamiza amayi anu. Choipitsitsa n'chakuti kukudyerani nthawi yeniyeniyo imene mukuti mukuidikira. Mwayi weniweni ukamabwera, umabwera ngati munthu wofuna wowotcherera geti mawa m'mawa, kapena wofuna dalaivala wa laisensi. Udzakupezani muli ndi chiyani m'manja? Foni yotha bandulo?

"Chuma cholandira mokangaza chidzachepa, koma wokundika ndi dzanja adzaona zochuluka" (Miyambo 13:11). "Woyang'ana mphepo sadzafesa, ndi wopenya mitambo sadzakolola" (Mlaliki 11:4).

Sindikulonjezani kuti mukasiya kubetcha mudzalemera. Ndikanama. Ena mudzalimbika zaka zambiri osaona kanthu kakakulu, ndipo ine ndidzalira nanu. "Nyengo zanga zili m'manja mwanu" (Masalimo 31:15).

Tsopano za Loweruka. Achinyamata onse a zaka 18 mpaka 35 tikumane m'holo nthawi ya 2 koloko masana, ndipo mafoni adzasiyidwa pakhomo kwa adikoni. Inu amene muli ndi galaja, shopu ya ukalipentala, saluni kapena makina osokera, ndikufuna aliyense atenge wachinyamata mmodzi kwa miyezi 6 amuphunzitse ntchito. Sindikupempha malipiro, nsima ya masana ndi ya minibasi basi. Lembetsani kwa mlembi wa mpingo Lamlungu likudzali. Amene mukufuna kuyesa maphunziro a TEVETA kapena ku Soche Technical College mubwere ndi masatifiketi anu, tidzathandizana kulemba mafomu.

Njinga ija tikufuna kuiwombola mwezi uno usanathe, kuti ngongole isawagwere mayi aja okha. Banja lililonse lipereke K2,000 kudzera kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba ku nambala ya msungichuma. Amene mukudziwa banjali, chonde sungani pakamwa. A Mvano, pamene mudaika mipando ya pulasitiki ija pakudontha, muisunthe mvula isanabwerenso.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.