Mwala woopa madzi

Mdzukulu wanga Chisomo,

Mwala wako uja unauiwala pawindo ndakusungira. Agogo ako aakazi anatsala pang'ono kuutaya posesa, ine ndinati ayi, mwini wake akubwera Loweruka.

Unandifunsa ngati miyala yonse ili ndi mayina. Ndinangoti eya chifukwa nsima imazizira, koma ndinakunamiza pang'ono. Ilipo ina imene ikutchedwa mayina masiku ano omwe, ngati makanda.

Mu 2017 akatswiri a miyala analengeza kuti apeza itatu yatsopano m'migodi yakale ya uranium ku Utah, m'dziko la America. Wina ndi leesite, wachikasu. Wina ndi redcanyonite, wofiirira, wooneka ngati tisingano. Koma wandisangalatsa ine ndi wachitatu, leószilárdite. Dzinali limapinda lilime, usadandaule, nanenso ndimapunthwa nalo. Anautcha polemekeza wasayansi wina, Leó Szilárd.

Usaganize za zimiyala zosanjikizana za kwanu ku Epworth zija. Uwu ndi timibulu ting'onoting'ono, tochepa kuposa kambewu ka mpiru, tachikasu chotuwirako, tosongoka ngati timipeni. Timamera pakhoma la mgodi monga chuku chimamerera pa buledi, ndipo kuti utione bwino pamafunika galasi lokulitsa zinthu. Tsono imva izi: ukauthira madzi umasungunuka ngati shuga mu tiyi! Mwala, mdzukulu wanga. Kumene anaupezako ndi kouma, n'chifukwa chake unapulumuka. Akanausiya panja kuno ku Mbare, mvula yoyamba ya mu Novembala ikanaumaliza usiku umodzi.

Uranium ndi chitsulo cholemera kuposa mtovu, ndipo amatulutsa mphamvu yosaoneka ndi maso. Pali kamakina kamene ukakayandikizitsa pafupi kamalira kuti tche, tche, tche. Mphamvuyo imayatsa magetsi m'mayiko ena, koma imavulaza thupi, choncho miyala yotere siyonyambita kapena kugona nayo pansi pa pilo monga umachitira ndi yako. Kumudzi kwathu ku Malawi aliponso, amamukumba ku Kayelekera m'boma la Karonga.

Mwala wako uja ndauyang'anitsitsa, ndi nsangalabwi wamba, usaope. Komabe Loweruka ubwere ndi kapu, tidzauviike m'madzi, tione ngati mwalawo udzafike mmawa.

Upereke moni kwa amayi ako.

Ndine agogo ako aamuna,
ku Mbare