Barcode ya pa katoni si nambala ya katundu wanu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga osunga katundu m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi, makamaka amene asiya buku la kaundula n'kuyamba kulemba katunduyo pa kompyuta. Chimene chikundidetsa nkhawa chimachitika tsiku limene kwafika katundu wambiri wofanana: malaputopu 40 a mtundu umodzi, madesiki 200, matabuleti odzaza makatoni.

Ambiri amangosikana barcode ya pa katoni, timizere takuda towerengedwa ndi sikana tija, n'kuyesa kuti ntchito yatha. Komatu barcode ya kufakitale ija, ya manambala 13 yotchedwa EAN-13, imangonena mtundu wa chinthucho. Malaputopu onse 40 ali nayo imodzimodzi. Imodzi ikadzasowa, kompyuta sidzakuuzani kuti yasowa ndi iti, kapena inali m'manja mwa ndani.

Chinthu chilichonse chipatsidwe nambala yakeyake, monga LT-0001 mpaka LT-0040, yosindikizidwa pa sitika ya barcode yomata pa chinthucho. M'nambalamo musatchulemo chipinda kapena dipatimenti, chifukwa katundu amasamuka. Desiki ya mu Sitandade 3 chaka chamawa mudzaipeza mu Sitandade 7. Malo alembedwe padera. Chinthu chikatha ntchito, nambala yake ithere pomwepo, osaipatsa china.

Pamene zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pomata. Khalani awiri pa tebulo limodzi, ndipo muzigwira chinthu chimodzi mpaka chithe. Wina atulutse laputopu, apukute pomatapo ndi sipiriti, adikire paume, amate sitika. Winayo asikane sitikayo, kenako asikane serial number, nambala imene fakitale imapatsa laputopu iliyonse payokha, ya pansi pa laputopu yomweyo, zonse zilowe mu mzere umodzi. Katoni yachiwiri isatsegulidwe izi zisanathe. N'zochedwetsa, inde, koma mukamata masitika onse kaye n'kumalemba ma serial number pambuyo, kungodumpha mzere umodzi, yonse yotsatira yaphonya eni ake. Ndipo palibe amene amaona, mpaka tsiku lobweza laputopu yowonongeka kwa ogulitsa, iwo n'kukana kuti nambala sizikugwirizana.

Amene mumakonza mndandanda mu Excel musanaulowetse mu pulogalamu, samalani. Excel imachotsa ziro woyambirira, moti 00045 imasanduka 45, ndipo nambala ikapitirira manambala 15, otsalawo imawasandutsa maziro. Nambala za ma SIM card, zomwe zimakhala ndi manambala 19 kapena 20, zimawonongeka chonchi mwakachetechete. Ikani danga lonse la manambalawo pa Text musanalembemo kanthu.

Sitika nayonso isakhale yongotola. Pepala la direct thermal, longa la malisiti a m'sitolo, limafufutika ndi dzuwa ndi kutentha; pa desiki ya pafupi ndi zenera mudzangopeza kachigamba kotuwa kopanda mizere. Gulani masitika a polyester osindikiza ndi riboni ya resin. Musamate pa chivundikiro cha batire kapena pa chilichonse chochotseka, ndiponso musamate pamalo opindika, poti mizere ikapindika sikana imavutika kuwerenga. Siyani mpata woyera mbali zonse ziwiri za mizereyo. Pa desiki yathabwa, guluu sagwira bwino pa fumbi ndi polishi, ndiye zala za ana sizichedwa kusenda. Pamenepo khomani kachitsulo ka aluminiyamu kunsi kwa desiki, n'kulembanso nambalayo ndi penti.

Barcode ya mizere yotchedwa Code 128 imakwanira ngati muli ndi sikana. Kumene mukudalira foni, QR, barcode ya timabokosi ija, ndiyo yabwino, chifukwa imawerengeka ngakhale itakalika pang'ono. Mulimonsemo, nambala isindikizidwenso m'zilembo zoti munthu awerenge ndi maso, kuti magetsi akazima ntchito isaime.

Sikuti kalikonse kamatidwe sitika. Mapulogalamu ngati Snipe-IT, yomwe ndi yaulere, amasiyanitsa katundu wolondoleza payekhapayekha ndi wongowerenga kuchuluka kwake. Ma mouse, zingwe ndi machaja zingowerengedwa. Kuzimata n'kuwononga masitika ndi nthawi.

Ndikupempha akuluakulu osainira kuti katundu walandiridwa: musasaine masitika asanamatidwe. Katundu akangomwazikira m'makalasi ndi m'mawodi, kumusonkhanitsanso kuti alembedwe kumatenga masabata, ndipo katundu wina amakhala atasowa kale.

Ine,
Wosunga katundu,
Zomba