Krugerrand yabodza idandidyera ndalama ya malata

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjeze Amalawi anzanga amene tikugwira ntchito kuno ku Joni.

Ine ndimapenta nyumba. Chaka chatha ndidasunga R7 000 yoti ndikagulire malata a nyumba ya amayi ku Ntcheu. Loweruka lina pa renki ya matakisi, bambo wina wovala bwino adandikokera pambali n'kutulutsa ndalama yachitsulo yokutidwa m'kapulasitiki. Adati ndi Krugerrand, ndalama yagolide ya ku South Africa, ndipo bwana wake atamwalira ana adamupatsa m'malo mwa malipiro, koma alibe mapepala oti n'kukagulitsira kusitolo. Mbali imodzi panali Paul Kruger, mtsogoleri wakale wa Maburu, ndi ndevu zake, mbali inayo kanyama konga mphoyo kaja amati springbok. Adayandikiza maginito, ndalamayo sidamate. "Mwaona, achimwene? Golide sagwira maginito." Ndidapereka ndalama yonse.

Lolemba ndidapita nayo kusitolo yogula golide. Mayi wa pa kauntala sadayankhule zambiri, adangoyiika pa kasikelo. Manambala adaima pa magalamu 18. Miyendo idandizizira pomwepo. Adandiuza kuti Krugerrand ya aunsi imodzi imalemera magalamu 33.93, ndipo kukula kwake modutsa pakati ndi mamilimita 32.77. Muyeso umenewu sudasinthe kuyambira 1967 pomwe adayamba kuzipanga. Yangayo inali mkuwa wopakidwa golide pamwamba, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi nkhani ya maginito ija. Bamboyo sadaname kuti golide samata maginito, koma nawo mkuwa sumata. Adandionetsa mayeso amene adadziwa kuti chinyengo chake chipambana, ine n'kukhutira. Golide amalemera pafupifupi kawiri kuposa mkuwa, choncho wakuba akafuna kuti kulemera kufanane, ndalamayo imanenepa kapena kukula mopitirira. N'chifukwa chake muyenera kuyesa zonse, kulemera ndi kukula komwe. Ndipo ngakhale zonse zitagwirizana musathamange, popeza pali zina zopangidwa ndi tungsten, chitsulo cholemera pafupifupi ngati golide, zimene amazigwira ndi makina a m'masitolo ovomerezeka.

Mtengo nawo ukadandidzutsa. Nthawi imeneyo Krugerrand yeniyeni inkaposa R40 000. Ndani angataye chuma chotere pa R7 000 kwa munthu amene sakumudziwa?

Palinso ma R5 achitsulo a nkhope ya Mandela, a 2008 pomwe ankakwanitsa zaka 90 ndi a 2018. Pa Facebook ndi WhatsApp anthu akumawatsatsa pa masauzande. Ambiri mwa amenewa ndi enieni ndithu, koma adapangidwa mamiliyoni, ndipo banki yaikulu ya dziko lino, South African Reserve Bank, idanena kuti mtengo wa amene adayenda m'manja mwa anthu ndi R5 basi. Msuweni wanga ali nawo asanu ndi awiri m'kabotolo, akudikira tsiku lolemera.

Kupolisi ndidachedwa kupita chifukwa cha manyazi, ndipo akathyaliwa amadalira manyazi athuwa, makamaka kwa amene mapepala awo sali bwino. Abale anga, munthu akakuonetsani ndalama yagolide mumsewu, muuzeni kuti mupitire limodzi kusitolo akaiyese muli pomwepo, ndipo musatulutse kanthu m'thumba isanakwere pa sikelo. Amayi dzinja lino agonanso m'nyumba yodontha.

Wopenta nyumba,
Turffontein, Johannesburg