Bambo akulirira kwawo ku Dedza, ine ndatopa

Azakhali,

Ndikulemba pakati pa usiku, bambo angogona kumene nditawasintha zofunda kachiwiri. Mundikhululukire ngati nkhaniyi ilibe mutu.

Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare. Ndimaoda tomato ndi masamba ku Mbare Musika n'kumagulitsa. Bambo anga anachoka ku Dedza mu 1961, nthawi ya chitaganya, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Kumudzi anangopitako kawiri, ndi mtchona weniweni. Penshoni yawo inasungunuka mu 2008 pamene ndalama ya kuno inagwa. Mayi anatisiya kale. Za amuna anga tisakambe lero.

Mu 2022 bambo anadwala sitiroko, mkono wamanja unafa, mwendo amachita kukoka. Alinso ndi BP ndi shuga. Tsopano mutu sukuyenda bwino. Chishona chimene ayankhula zaka 60 chawathawa, angotsala ndi Chichewa, ndiye ana anga akaitanidwa amangoyang'anizana. Ine amanditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira ndisanabadwe.

Azakhali, kodi kwathu mwana wamkazi amasambitsa bambo ake omubereka? Ine ndimatero tsiku lililonse, nkhope nditatembenuzira kukhoma. Ntchito imeneyi ndi ya achimwene, koma iwo ali ku Johannesburg. Pa Khirisimasi anatumiza madola 50 n'kufunsanso malisiti. Tsiku lina tikuyankhulana pa vidiyo ya WhatsApp, alamu anati, "Bwanji malaya a bambo akuda chonchi?" Linali phala, anali atangodya kumene, ndipo sabata imeneyo pampopi panali pouma, madzi ndimakatunga kumjigo ndi zigubu. Malayawo ndinawachapa madzulo omwewo. Alamuwo sanagwirepo ngakhale thewera limodzi.

Ndikamapita ku Mbare 4 koloko m'mawa ndimawakhomera chitseko. Aneba akuti ndimatsekera bambo ngati mbuzi. Nanga nditani? Tsiku lina anawapeza pafupi ndi njanji ndi ndodo yawo, osavala bwino, akuti akudikira sitima ya ku Limbe. Ena anayamba kunong'ona zaufiti. Ndikapanda kupita kumsika mankhwala ndigula ndi chiyani?

Lamulungu lapitali ndinachita chinthu chimene sindingachilembe pano. Anataya phala lomwe ndinaphika ndi ufa womaliza, mtima unandipsa. Sanalankhule, anangondiyang'ana misozi ikutsika. Munthu amene ankandinyamula paphewa kupita nane kutchalitchi. Kuyambira tsiku limenelo mgonero sindikuganiza zokalandira. Komanso achimwene akanakhala pano sizikanafika pamenepo.

Usiku uliwonse mawu ndi amodzi: "Ndiperekezeni kwathu, musandiike kuchilendo." Pasipoti alibe, chitupa chawo ndi chakale chija cholembedwa kuti ndi mlendo. Ulendo wa basi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete angaupirire mmene alilimu? Kumudziko amene timamudziwa ndi mphwawo mmodzi, wapafoni chabe. Mbumba yawo sanaitumizire ngakhale paketi ya shuga zaka zonsezi, ikawalandira?

Chimene chikundisowetsa tulo n'choti sindikudziwa ngati ndikufuna kuwapititsa chifukwa akulirira kwawo, kapena chifukwa ine ndikufuna kupuma. Nthawi zina ndikamva kuti chipinda chawo chili zii ndimaima pakhomo osalowa, ndipo zimene zimabwera m'mutu mwanga ndimachita nazo mantha.

Ndiwatengere kumudzi, kapena kumeneko ndi kutaya kholo? Achimwene ndiwauze bwanji kuti abwere adzasambitse bambo awo popanda kudana? Nanga za Lamulungu zija, munthu woti pofika m'mawa waiwala ndingamupepese bwanji? Kapena sanaiwale, chifukwa dzulo nditabwera ndi beseni anadzikokera kukhoma.

Ine wothedwa nzeru,
Mufakose, Harare