Chithunzi chokongola cha ubongo chisatinamize

Akonzi,

Amalawi anzathu kuno ku Joni akajambulidwa mutu ndi MRI, makina oona m'kati mwa thupi, ena amafuna chithunzi chija cha ubongo chomazungulira pakompyuta, chamitundumitundu, n'kumachikhulupirira kuposa mawu a dokotala. Chithunzicho chimachita kumangidwa ndi pulogalamu, ndipo pulogalamuyo imalakwitsa.

Cortex, gawo lotuwa lokuta ubongo, ndi lochindikala pafupifupi mamilimita 2.5 okha, ndipo magawo awiri mwa atatu abisala m'makwinya. Kuti liyezedwe pamafunika sikani ya 3D ya mtundu wa T1, umene umasiyanitsa bwino magawo a ubongo, ya timabokosi ta milimita 1 mbali zonse. Sikani yodulidwa mamilimita 5, yomwe imakwanira dokotala wofuna chotupa, pantchito iyi siithandiza.

Pulogalamu yodziwika ndi FreeSurfer ya ku chipatala cha Massachusetts General Hospital ku America, imene asayansi Dale, Fischl ndi Sereno anaifotokoza mu 1999. Imayamba ndi kufananitsa kuwala kuti kuwala kwa gawo loyera, la pansi pa cortex, kufike pa mlingo wa 110 paliponse, kenako imachotsa chigaza, n'kugawa ubongo kumanzere ndi kumanja. Pamwamba pa gawo loyera imalukapo ukonde wa timakona atatu, wa mfundo zoposa 100,000 mbali iliyonse. Ukondewo uyenera kukhala wopanda chibowo. Makoma awiri a khwinya akagundana m'chithunzi pamabadwa kamlatho kabodza, ndipo kukakonza kumadya nthawi. Pulogalamuyo ikatero imakankhira ukonde wina kunja mpaka pamene gawo lotuwa lakumana ndi madzi a mu ubongo. Mtunda wapakati pa maukonde awiriwo ndiwo kuchindikala kwa cortex. Mutu umodzi umatenga maola angapo.

Vuto lalikulu ndi kugwedezeka. Wodwala akasuntha pang'ono m'makina, cortex imaoneka yopyapyala, ndipo amene amavutika kugona chete ndi ana ndi okalamba omwe, amene tikufunitsitsa kuwayeza. Dura, chikopa cholimba chokuta ubongo, ikatsalira pochotsa chigaza imawerengedwa ngati gawo lotuwa. Cham'makutu ndi pamwamba pa maso gawo loyera limaderako, mzere wa malire ake n'kudutsa polakwika; apa munthu amaika pamanja ma control point, timadontho touza pulogalamu kuti apa ndi gawo loyera, n'kuyendetsanso pulogalamu.

Choncho wina akakupatsani nambala ya kuchindikala kwa cortex, mufunseni ngati anayang'ana mizereyo gawo ndi gawo, komanso ngati masikani akuyerekezawo anachokera m'makina amodzi ndi pulogalamu ya mtundu umodzi. Za khunyu kapena kuiwalaiwala, nambalayo mupite nayo kwa dokotala wa ubongo pamodzi ndi CD ya mafayilo a DICOM, zithunzi zenizeni zochokera m'makina.

Owerenga anu,
Johannesburg